Kodi "aborto" ndi kupita padera kapena kuchotsa mimba?

Mayi wa ku Ulónguè, m'dziko la Mozambique:
Mng'ono wanga anapita padera mimba ili ndi miyezi itatu, koma pakhadi lake lakuchipatala analembapo kuti "aborto", ndipo apongozi ake atawerenga akumuganizira kuti anaichotsa dala. Kodi mawu amenewa amatanthauza chiyani kwenikweni?

Namwino wa ku Furancungo:
Pepani kwambiri mayi. M'Chipwitikizi mawuwa amanena zonse ziwiri: "aborto espontâneo" ndi kupita padera, pamene "aborto provocado" ndi kuchotsa mimba mwadala. Ndikupempha kuti mupite nawo apongoziwo kuchipatala, atanyamula khadilo, kuti akamve okha, chifukwa mayi amene akulira mwana sayenera kunyozedwa.

Bambo wa ku Tsangano:
Chingerezi chimasiyanitsa "miscarriage" ndi "abortion" monga Chichewa chathu, ngakhale madokotala ena amalembabe "spontaneous abortion" ponena za kupita padera.