Kodi "mwini mbumba" amatanthauza kuti ana ndi katundu wake?

Aphunzitsi a ku Malindi: Abale thandizeni. Ndikulemba kanthano ka ana anga a Sitandade 4 koma ndakakamira pa mawu amodzi. Munkhanimo muli atsibweni ovuta kwambiri, anawapatsa anyamata nsupa yoitanira chambo kuti chizidumphira chokha m'bwato, atsikana nkuwauza kuti inu malo anu ndi pathandala kuyanika usipa basi, ndiye kamtsikana kena kanatola lichero la agogo ake loti kakangolipeta mwera umayamba panyanja anyamata aja osapalasa. Atsibweniwo akakalipa amati "ine ndine mwini mbumba". Mawuwa ndinkawamva kwa agogo ndili wamng'ono, kodi mwini ameneyu ndi ngati mwini mbuzi kapena?

Mayi a ku Namwera: Ayi aphunzitsi sichoncho. Mbumba ndi azichemwali ake a munthu wamwamuna pamodzi ndi ana awo, kuno pa Chiyao mwini mbumbayo timati asyene mbumba, malumewo timati mjomba. Ntchito yake mwana akadwala athamange ndi iyeyo, mlandu ukagwa akayankhule ndi iyeyo, ukwati ukavuta ankhoswe ndi omwewo. Umwini wake ndi wosenza mavuto.

Bambo a ku Makanjira: Zoona mayi, koma tisabise, ena ankapitirira nazo. Ine chemwali anga anasiyira sukulu panjira chifukwa malume anakana, bambo athu analibe mawu poti anali mkamwini pamudzipo, mpaka lero chemwali angawo akaona ana atavala yunifolomu amangokhala chete. Ndiye atsibweni anuwo musawafewetse aphunzitsi, alipo otero.

Aphunzitsi a ku Malindi: Pepani bambo, zandikhudza. Nanga ndingawaike mkamwa mwambi uja woti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo? Ndikuopa anyamata mkalasi angamautole nkumawanena nawo anzawo pabuleki.

Mayi a ku Namwera: Uikeni, amaumva kale kunyumba. Bola kamtsikanako kayankhe, ndiponso mwera ukawomba si anyamata okha ovutika, pathandala paja sipafikanso usipa ndipo onse agona ndi njala. Ine ndikanalemba kuti agogo aakazi ndi amene akawakhazike pansi atsibweniwo, pajatu mudzi wachikamwini ndi wa amayi, nsupa ndi lichero zonse azilande akazisunge kuchipinda kwawo.

Aphunzitsi a ku Malindi: Zikomo mayi, agogowo ndinawapha kumayambiriro kwa nthano, ndiwadzutsa usiku uno.