Tabwerako ku Bass Lake ndi galu wathu

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za malo ogonapo ndi RV (galimoto yokhala ndi pogona mkati) m'mbali mwa nyanja, m'munsi mwa mapiri a Sierra Nevada ku California, m'dziko la America, komwe saletsa agalu. Tinatsatira malangizo a inu amene munati Bass Lake, pafupi ndi Oakhurst, ndipo malo tinasungitsiratu pa webusaiti ya Recreation.gov. Ana anasambira mpaka zala kuchita makwinya.

Galu amaloledwa, bola akhale pa chingwe chosapitirira mafiti 6. Ku Yosemite, paki ya boma yomwe ili chapafupi, salola agalu m'tinjira tafumbi tokwera mapiri, ndiye tinangoyenda naye pa phula.

Chenjerani ndi udzu wouma wa foxtail. Kachisonga kake kanamulowa galu wathu pakati pa zala, n'kuyamba kutsimphina, ine mtima phaa, koma ndinakazula kasanalowe mkati. Madzulo aliwonse muzimuyang'ana mapazi ndi makutu, ndipo mufufuzenso nkhupakupa.