University of Liverpool ndi LSTM: ndi sukulu imodzi kapena ziwiri?

NaPhiri_Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mng'ono wanga akufuna kukachita masters ya zaumoyo ku Liverpool, koma pa intaneti tikupeza mayina atatu: University of Liverpool, Liverpool John Moores ndi Liverpool School of Tropical Medicine (LSTM). Kuno timangomva za Malawi-Liverpool-Wellcome (MLW), bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la pa Queens paja. Kodi zonsezi ndi sukulu imodzi? Nanga maphunziro ake amayenda bwanji, ndipo ophunzira amakhala kuti?

Mbewe_wa_Zomba:
Achemwali, ndi sukulu zitatu zosiyana, iliyonse ndi fomu yake, fizi yake ndi satifiketi yake.

University of Liverpool inayamba mu 1881 ngati University College Liverpool, ndipo inatsegula zitseko mu 1882 ndi ophunzira 45, m'nyumba yomwe kale inali chipatala cha odwala misala. Mu 1884 inalowa mu Victoria University, momwe munali koleji ya ku Manchester, kenako ya ku Leeds, ndipo inadzaima payokha mu 1903. Mukakwera mtunda wa Brownlow Hill kuchokera ku siteshoni ya Lime Street muona chinyumba cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi pansanja. Imeneyo ndi Victoria Building ya mu 1892. Dzina loti redbrick (njerwa zofiira), lomwe amatchulira mayunivesite a m'mizinda ya mafakitale ngati Birmingham, Leeds ndi Sheffield, analitchukitsa ndi pulofesa wa pomwepo, Edgar Allison Peers, mu 1943.

LSTM inakhazikitsidwa mu 1898 ndi ndalama za mwini sitima zapanyanja Alfred Lewis Jones, chifukwa amalinyero ochokera ku West Africa ankafika padoko akudwala malungo. Ronald Ross, yemwe anasonyeza kuti malungo amafala ndi udzudzu, ankaphunzitsa pamenepo pomwe ankalandira Nobel mu 1902. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti kwa zaka zambiri madigiri a LSTM ankatuluka m'dzina la University of Liverpool. Kuyambira 2017 LSTM ili ndi mphamvu zopereka madigiri ake yokha, ngakhale ili pa Pembroke Place, khomo ndi khomo ndi yunivesite. Ku MLW ya ku Blantyre sukulu ziwirizi zimagwira ntchito limodzi ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS).

John Moores inali polytechnic mpaka 1992, ndipo n'njosiyana kotheratu.

Mayi_aChikondi:
A Mbewe afotokoza bwino. Ine ndikambe za m'kalasi, poti m'momwe anthu amapunthwa.

University of Liverpool ili ndi mafakalite atatu: Health and Life Sciences, Humanities and Social Sciences, ndi Science and Engineering. Chaka chimayamba kumapeto kwa Seputembala ndipo chili ndi masemesita awiri, mayeso mu Januwale ndi mu Meyi. Masters ndi miyezi 12 yokha: ma credit 120 a m'kalasi, kenako 60 a dissertation (lipoti la kafukufuku) yomwe amalemba kuyambira Juni. Palibe nthawi yoti munthu azolowere kaye. Ntchito yoyamba yochongedwa imatha kufunika asanadziwe n'komwe basi yokwera.

Malikisi asamudzidzimutse mng'ono wanuyo. Pa masters kukhoza kumayambira pa 50, merit pa 60, distinction pa 70. Wopeza 65 wachita bwino ndithu, asadandaule. Akalephera module amalembanso, koma ngakhale akhoze chotani amangomupatsa 50 yokhozerayo.

Zolakwika zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi kukopera. Ntchito imadutsa mu Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza zokopera, ndipo kutenga ndime ya m'buku n'kusintha mawu awiri atatu osatchula mwini wake ndi mlandu, ngakhale wolembayo sanafune kuba. Ochonga safunanso kuti muwabwezere zomwe ananena m'kalasi. Amafuna muyerekeze zomwe akatswiri apeza, munene mbali yomwe mwaima ndi chifukwa chake. Chachiwiri ndi kukhala chete pamavuto. Kukagwa maliro kumudzi kapena akadwala, auze academic advisor wake msanga ndi kudzaza fomu yofotokoza vutolo, ndi umboni. Kukanena zotsatira zitatuluka kale nthawi zambiri sikuthandiza, ndipo ntchito yochedwa popanda chilolezo amaidula malikisi tsiku lililonse.

Malaibulale ndi awiri: Harold Cohen ya sayansi ndi zachipatala, Sydney Jones ya maphunziro enawo.

Gondwe_Mzuzu:
Pa malo ogona. Mahositelo a sukulu ngati Crown Place ndi Vine Court ali pakampasi pomwepo, ndipo magetsi, madzi ndi intaneti zili kale mu lendi. Nyumba zogawana za ku Smithdown Road zimaoneka zotsika mtengo, koma afunse ngati gasi wotenthetsera nyumba ali mu lendiyo, chifukwa bilu ya Disembala mpaka Febuluwale imapweteka. Eni nyumba ambiri amafunanso munthu wokhala ku UK woti amuimire pa lendi. Dipoziti siyenera kupitirira lendi ya masabata 5. Asatumize ndalama kwa munthu wa pa Facebook nyumba asanaione.

Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mphepo yochokera ku mtsinje wa Mersey ikuwomba. Agule jekete losalowa mvula akangofika, alembetse kwa dokotala sabata yoyamba, ndipo alowe m'kagulu kamodzi ku Guild of Students, bungwe la ophunzira, pa Mount Pleasant. Kudzitsekera m'chipinda miyezi imeneyo kumadwalitsa maganizo.

Ganyu ndi maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, osapitirira. Ndalama zake zimathandiza pa chakudya ndi basi, fizi ayi.

Mbewe_wa_Zomba:
Ndiwonjezere pa viza. Kalata ya CAS, yotsimikizira kuti wapeza malo ndipo yofunika pofunsira viza, imachokera ku sukulu yomwe yamulandira, choncho aonetsetse dzina lili pakalatayo. Ndalama zosonyeza kuti atha kudzilipirira zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika, ndipo ochokera ku Malawi amayezetsa TB ku chipatala chovomerezeka ndi boma la UK. Kuyambira Januwale 2024 wa masters ya m'kalasi saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, kupatula ngati akulipiriridwa ndi boma.

NaPhiri_Ndirande:
Zikomo nonse. Tayang'ananso, kosi yomwe akufunayo ndi ya LSTM. Tinatsala pang'ono kudzaza fomu ya kwina.