Ndikaime pati pojambula sitima yamalasha pa njanji ya Settle ndi Carlisle?

Mdzukulu wa ku Limbe

Moni nonse. Ndakhala ku Leeds zaka zitatu tsopano, ndipo mu February ukubwerawu ndikufuna kukajambula kanema wa imodzi mwa sitima zamalasha zimene anazikonzanso, zija amaziyendetsa masiku apadera pa njanji yochokera ku Settle kukafika ku Carlisle, kumpoto kwa England. Agogo anga aamuna ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe masiku amene mitu ya sitima inkayendera malasha, ndipo ngakhale iwo anatisiya kalekale, agogo aakazi alipo, ndipo mpaka lero amasimba za mmene sitimazo zinkalirira pokwera mtunda. Ine mutu wa sitima wotere ndinkangouona utaima duu pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, wopanda moto ngakhale utsi. Cholinga changa n'chakuti ndiwatumizire agogowo kanema woti akamve phokoso lija asanandifunse n'komwe kuti akuonera chiyani.

Ndinayesapo kamodzi mu July. Ndinapita pa mlatho wotchuka wa Ribblehead, ndinadikira maola awiri, kenaka chakumadzulo sitima inatulukira kuchokera kumpoto n'kuwoloka mlathowo mwakachetechete, utsi wake wosaoneka, ndipo kumbuyo kwa mabogi kunali injini ya dizilo imene inkamveka kuposa ya malashayo. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti foni inangojambula mkokomo wa mphepo. Paja safunsa anadya phula, choncho ndikufunsa amene mukuidziwa njanji imeneyi: ndinalakwitsa chiyani, ndikaime pati, ndipo kodi n'kololedwa kudumpha khoma lamiyala lija kuti munthu asendere pafupi?

Mkulu wa ku Skipton

Achimwene, malo amene munasankha ndi okongola ndithu, koma munaima pa malo abwino pa nthawi imene sitima inalibe ntchito yoti igwire. Mutu wa sitima yamalasha umalira ndi kufuka pokhapokha ukamakoka katundu pamtunda, chifukwa phokoso limene agogo anu amakumbukiralo ndi nthunzi imene yamaliza kukankha mapisitoni ndipo ikutuluka mwamphamvu kudzera pa chumuni. Dalaivala akatseka nthunzi potsetsereka, phokosolo limatheratu, mumangomva zitsulo zikugwedera.

Ndiye taonani mmene njanjiyi inakhalira. Kuchokera pa mphambano ya Settle Junction kupita kumpoto, njanji imakwera mita imodzi pa mamita 100 alionse kwa mtunda wa makilomita pafupifupi 24, kudutsa pa Ribblehead mpaka kukalowa m'ngalande ya pansi pa phiri ku Blea Moor, imene ndi yaitali makilomita oposa awiri. Sitima yopita kumpoto ikamawoloka mlatho uja imakhala idakali pamtunda, ndipo ngakhale amaichepetsa liwiro pamlathopo, imayamba kupuma mwamphamvu ikangowoloka. Yochokera kumpoto, ngati imene inu munaiona, imakhala itamaliza kale chikweza chake ndipo ikungotsetsereka. Chikweza cha sitima yobwera kumwera chili kwina: chimayambira cha ku Ormside, sitima itangomwa madzi pa Appleby, n'kudutsa pa Kirkby Stephen ndi chigwa cha Mallerstang mpaka kukafika pa Ais Gill, pamene ndi pamwamba penipeni pa njanji yonseyi, mamita 356 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere.

Ichi n'chofunika kwambiri kwa inu chifukwa maulendo ambiri a nyengo yozizira amapita kumpoto m'mawa kudzera njanji ina ya ku Shap, ndipo amabwerera masana kudzera njanji ya Settle. Choncho musanagule tikiti yopita kulikonse, dziwani kaye kuti sitima ya tsikulo ikulowera mbali iti. Ngati ikubwera kumwera, iwalani za Ribblehead. Pitani pa kamlatho ka msewu wa B6259 kumpoto pang'ono kwa Ais Gill ngati muli ndi galimoto, ndipo ngati mulibe, kwerani sitima wamba yochokera ku Leeds mukatsike pa Kirkby Stephen, pakuti siteshoni imeneyo ili pakati pa chikwezacho ndipo mukhoza kujambula muli chiimire papulatifomu.

Pali nkhani ya dzuwanso, imene ife obadwira kumwera kwa dziko lapansi imatisokoneza poyamba. Kuno dzuwa la masana limakhala kumwera nthawi zonse, ndipo m'nyengo yozizira limayenda m'munsi. Sitima yopita kumpoto masana dzuwa limaiwomba kumsana, nkhope yake n'kukhala mumthunzi, pamene yobwera kumwera imayang'anizana nalo ndipo utoto wake umawala. Koma ku Mallerstang kuli phiri la Wild Boar Fell kumadzulo kwa njanji, ndipo sitima ikachedwa ngakhale pang'ono masana a February, chithunzithunzi cha phirilo chimakhala chitaphimba kale chigwa. Ine zimenezi zandichitikirapo kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo kuwala kunachoka panjanji ndikuimva kale sitimayo ikubwera kumunsi.

Mwezi umene mwasankha ndi wabwino. Mtambo woyera umene anthu amautcha utsi, kwenikweni ndi nthunzi imene ikusanduka timadontho ikakumana ndi mpweya wozizira, monga mmene mpweya wa m'kamwa umaonekera m'mawa wa June ku Dedza. Tsiku lotentha la July nthunziyo imangosowa m'mwamba osaoneka. Utsi wakuda ndi wa malasha amene sanapse bwino, ndipo umatuluka makamaka wothira malasha akangoponya mafosholo angapo m'ng'anjo. Onaninso kumene mphepo ikuchokera. M'mapiri amenewa kawirikawiri imachokera kumadzulo, ndipo mukaima kum'mawa kwa njanji nthunzi yonse idzagwera mbali yanu n'kubisa mabogi.

Mayi a ku Bradford

Ine ndiyankha za khoma lija, ndipo ndiyankha mosapsatira: musadumphe. Kupezeka mkati mwa mpanda wa njanji popanda chilolezo ndi mlandu kuno, ndipo chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000. Kwathu tinazolowera kuona anthu akuyenda m'njanji ngati njira yachidule yopita kumsika, koma kuno dalaivala akangoona munthu mkati mwa mpanda amadziwitsa oyang'anira njanji, ndipo sitima zonse za m'deralo zimalamulidwa kuima kapena kuyenda pang'onopang'ono. Mitu ikuluikulu ya sitima zamalasha imaloledwa kuthamanga mpaka makilomita 120 pa ola pa njanji zina, kutanthauza mamita oposa 30 pa sekondi imodzi, ndipo munthu amene diso lake lili pa kamera samva sitima yamakono imene ikubwera pa njanji inayo kumbuyo kwake.

Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Sitima zamalasha zinaleka kunyamula anthu pa njanji zikuluzikulu za Britain mu August 1968, ndipo zinaletsedwa kuyendapo mpaka mu 1971 pamene anayamba kuzilolanso pa maulendo apadera. Kuyenda kwake kotero n'kochita kuloledwa, ndipo wololeza akhoza kusintha maganizo. Pa 25 February 2016, mutu wotchuka wa Flying Scotsman, umene unapangidwa ku Doncaster mu 1923, unanyamuka pa siteshoni ya King's Cross ku London kupita ku York utangomaliza kukonzedwa kwa zaka khumi pa mtengo wa mapaundi 4.2 miliyoni, koma unakakamizika kuima pafupi ndi St Neots chifukwa anthu ojambula anali atadzaza m'mphepete mwa njanji. Kuchokera pamenepo eni ake akhala akubisa nthawi zenizeni za maulendo ake ambiri, ndipo amene akuvutika nazo ndi anthu omwe amaima pa malo oyenera.

Malo ololedwa ndi ambiri. Njira zapansi zimene zili ndi zikwangwani, milatho ya misewu ndi mapulatifomu zonse n'zotseguka, ndipo pa Ribblehead pali njira yabwino imene imadutsa pansi pa mlatho weniweniwo n'kukwera cha ku Blea Moor motsatana ndi njanji. Papulatifomu imani kumbuyo kwa mzere wachikasu, zimitsani fulashi, ndipo ngati pali wogwira ntchito, mupempheni musanaimike miyendo ya kamera. Mukadzapita ku Shap, kumbukirani kuti mawaya a pamwamba pa njanji imeneyo amanyamula mavoti 25,000, choncho ndodo zazitali zogwirizira foni si zoti muzizitukula pamlatho. M'minda tsekani zipata zimene mwazipeza zotseka, chifukwa nthawi imeneyo nkhosa zimakhala zili ndi bere.

Za nthawi, ine ndimayang'ana pa tsamba la pa intaneti la Realtime Trains, pamene sitima zapaderazi zimadziwika ndi nambala yoyamba ndi 1Z. Jambulani tsambalo mudakali kunyumba popeza netiweki imavuta m'mapirimo, ndipo fikani msanga, pakuti sitimazi nthawi zina zimadutsa nthawi yake isanakwane. Injini ya dizilo imene munaiona mu July si yachilendo: udzu ukauma, a Network Rail, amene amayang'anira njanji za kuno, amalamula kuti dizilo izigwira ntchito yambiri poopa kuti nthethe za moto zochokera pa chumuni zingayatse tchire.

Wokulira ku Bulawayo

Zimene anena akuluakulu awiriwa ndikugwirizana nazo, koma ndikusiyana nawo pa chinthu chimodzi. Akukonzekeretsani kujambula chithunzi chokongola, pamene inu mwanena kuti agogo anu akufuna kumva. Zinthu ziwirizi sizifuna malo amodzi. Pa kamlatho ka Ais Gill pamasonkhana anthu ambiri tsiku la sitima, magalimoto akufika mothamanga, zitseko zikumenyedwa, makamera akulira motsatizana, ndipo zonsezo zimalowa m'kanema. Ine ndikanakhala inu ndikanatsata njira yapansi mpaka kutalikirana ndi gulu, n'kuima pamene khoma lamiyala likunditchinga mphepo, ngakhale sitimayo ioneke yaing'ono.

Foni ndi yokwanira pa chithunzi, koma gulani kamaikolofoni kolumikiza ku foni kamene kali ndi chovala chaubweya, chifukwa ubweyawo ndi umene umaletsa mkokomo wa mphepo. Yambani kujambula mukangomva sitima patali, isanaoneke, ndipo musaleke mpaka phokoso litazimirira, popeza gawo lokoma kwambiri ndi lija phokoso limakula pang'onopang'ono likubwerezedwa ndi mapiri. Igoneke foniyo cham'mbali, musamaikokere chithunzi pafupi ndi zala sitima ikuyenda, ndipo chepetsani kuwala pang'ono kuti nthunzi isangokhala chigamba choyera chopanda maonekedwe. Batire imatha msanga pozizira, choncho isungeni m'thumba la mkati mpaka nthawi itayandikira.

Mudzaonenso kuti ndi mutu uti umene ukukoka. Wa masilinda (zipinda zimene mapisitoni amayendamo) awiri, monga ija amaitcha Black Five, umapuma kanayi gudumu likazungulira kamodzi, ndipo kupumako kumamveka kolekanalekana. Wa masilinda atatu, monga Flying Scotsman kapena Tornado, imene inamalizidwa ku Darlington mu 2008 ndipo ndi yatsopano osati yokonzedwanso, umapuma kasanu ndi kamodzi, ndipo ukathamanga kupumako kumalumikizana kukhala mkokomo. Ndikuganiza kuti agogo anu adzazindikira msanga wa masilinda awiri ukukwera mwapang'onopang'ono, chifukwa njanji za kwathu kuja n'zopapatiza, mamilimita 1,067 poyerekeza ndi 1,435 a kuno, ndipo sitima zake sizinkathamanga chotere. Ine makutu anga anakulira pa mitu ya mtundu wa Garratt ku Bulawayo, ija ili ndi injini kutsogolo ndi kumbuyo, imene yambiri inapangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ku Manchester konkuno, ndipo ndinangoti kakasi tsiku limene ndinamva kulira kofananako ku Wales, pa njanji ya Caernarfon ndi Porthmadog, kumene amayendetsa ma Garratt ang'onoang'ono amene anagwirapo ntchito ku South Africa.

Chomaliza, musakaphunzirire pa sitima imene imadutsa kamodzi kokha. Pafupi nanu pali njanji ya Keighley and Worth Valley, ya makilomita asanu ndi atatu kuchokera ku Keighley kukafika ku Oxenhope, imene anthu ongodzipereka anaitsegulanso mu 1968. Sitima imachoka pa Keighley ili kale pamtunda, siipitirira makilomita 40 pa ola, ndipo imabwerera kangapo pa tsiku, kotero mukalakwitsa m'mawa mukhoza kukonza masana.

Mdzukulu wa ku Limbe

Zikomo kwambiri nonse atatu. Bambo a ku Skipton, ndayang'ana ulendo umene ndimaufuna ndipo ndapeza kuti ukubweradi kumwera masana, kutanthauza kuti ndikanabwereza kulakwitsa komwe kuja. Mayi, za khoma ndamva ndipo sindidzayesa. Galimoto ndilibe, choncho ndikatsika pa Kirkby Stephen, ndipo Loweruka lino ndiyamba ndapita ku Keighley kukayesa maikolofoni. Funso langa lotsala n'lakuti, kodi papulatifomupo ndikaime kumapeto kwa kumpoto kumene sitima ikuchokera, kapena kwa kumwera?

Mkulu wa ku Skipton

Imani chakumwera, achimwene, kuti muione ikubwera kutalika konse kwa siteshoni, ndiponso kuti ikakudutsani mutembenuke n'kuitsatira pamene ikulowera ku Mallerstang, popeza phokoso lake limamvekabe kwa kanthawi ndithu itapita. Ngati n'kotheka khalani pa pulatifomu ya sitima zopita ku Carlisle, imene ili tsidya lina la njanji imene sitima yanu idzadutsepo, chifukwa pamenepo mudzaona magudumu ndi ndodo zake zikugwira ntchito, pamene mukaima mbali yake pulatifomu imabisa zonsezo. Kuipa kwake n'kwakuti sitima ina yopita kumpoto ikhoza kufika nthawi yomweyo n'kukutchingani, choncho yang'ananinso ndandanda ya mbali imeneyo. Dziwaninso kuti siteshoniyo ili pamtunda, makilomita oposa awiri kuchokera m'tauni, ndipo sitima zobwerera ku Leeds zimatalikirana nthawi, kotero tengani tiyi m'fulasiki ndi magolovesi amene zala zake zimagwira pa galasi la foni.