Zokongoletsa khoma zamapepala pamalo osamalira agogo: tipange zotani nyengo ya mphukira ino?

Nachisale, Bembeke

Moni kwa nonse. Ndimathandiza mongodzipereka pamalo ena a mpingo kuno ku Dedza, pomwe agogo amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzamwa phala, kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kucheza, ndipo ochepa amene alibe owasamalira amagonera pomwepo. Chipinda chimene amakhalamo ndi chachikulu ndithu, koma makoma ake ndi opakidwa laimu basi, opanda chilichonse choti maso n'kupumulirapo. Komiti yathu yagwirizana kuti tichikongoletse ndi zinthu zopanga ndi mapepala, agogowo akutengapo mbali, ndipo tikufuna kuti ntchitoyi ikhale itatha pofika pa 1 Okutobala, tsiku lokumbukira anthu okalamba padziko lonse.

Pa Pinterest ndi pa Facebook ndapezapo zitsanzo zambiri zochokera m'nyumba zosungira okalamba za ku Ulaya ndi ku America, koma pafupifupi zonse ndi maluwa a tulip ndi daffodil, akalulu ndi mazira opaka utoto. Kodi tingotengera zimenezo, popeza n'zokongola ndipo kapangidwe kake kalembedwa kale, kapena tiganize zathu? Ndikufunanso uphungu pa zipangizo, chifukwa ndalama imene tili nayo ndi yochepa kwambiri.

Jere, mphunzitsi wopuma, Lizulu

Mayi Nachisale, zimene mwaonazo anazipangira anthu amene chisanu chawo chimatha mu Malichi, maluwa n'kuyamba kutuluka mu Epulo ndi Meyi, nthawi imene ife timakhala tikudya zamasika ndi kukonzekera kukolola. Gogo wa ku Manchester akaona daffodil pakhoma amakumbukira munda wa mayi ake, pamene gogo wa ku Bembeke adzangoona duwa lachikasu lopanda nkhani. Cholinga cha zokongoletsa zotsata nyengo ndicho kuti munthu amene satulukatuluka adziwe pamene chaka chafika, ndipo apeze poyambira kucheza ndi anzake. Choncho nyengo imene mukuiika pakhoma iyenera kukhala imene ili panja pa zenera.

Kuno kumtunda tili ndi mwayi woti mapichesi amachita maluwa mu Ogasiti ndi Seputembala, mtengo usanavale masamba, ndipo palibe gogo wa ku Bembeke, Lizulu kapena Tsangano amene sawadziwa. Duwa lake n'losavuta kupanga. Dulani kapepala ka pinki kozungulira, kotambalala ngati kukamwa kwa kapu, kachekeni m'mbali kasanu, kenaka kapinireni pakati ndi chala n'kukapotokola pang'ono kunsi kuti kachite kachikho. Musavutike ndi kujambula nthambi. Tolani nthambi yeniyeni youma, muimangirire pa katoni yaikulu yomatidwa pepala lakuda kapena lobiriwira kwambiri, agogo azimata maluwawo pa timphanda take. Nthambi yeniyeni imaponya kamthunzi pa katoniyo, ndipo munthu amafuna kuigwira.

Chachiwiri ndi mphukira za mitengo ya tsamba ndi mombo, zimene zimafiiritsa mapiri athu mvula isanagwe. Zimenezi sizifuna sizasi n'komwe, mungong'amba mapepala ofiira, a olenji ndi obiriwira mopepuka, n'kuwasanja pa chithunzi cha phiri la Dedza kapena la Chongoni. Kenaka mudzawonjezere mizere ya m'munda ndi khasu, chifukwa mwezi wa Okutobala maganizo a agogo athu amakhala pa kusosa ndi kugalauza, ngakhale amene miyendo inawakana kale.

NaMaseko, namwino, Ntcheu boma

Ndikugwirizana ndi Bambo Jere, koma ndionjezepo za thupi la anthu amene mukuwapangira zinthuzi, popeza zokongola kwa ife sizikhala zooneka kwa iwo nthawi zonse. Munthu akamakalamba galasi la m'diso limayamba kuchita chikasu, ndipo ambiri ali ndi ng'ala. Zotsatira zake n'zakuti mitundu yofanana ndi buluu, pepo ndi yobiriwira imasokonezana, pamene yofiira, yachikasu ndi ya olenji imaonekabe bwino. Duwa la pinki lotuwa pakhoma la laimu lidzasowa, n'chifukwa chake katoni yakuda imene atchula aphunzitsi ija ndi yofunika zedi. Pangani zinthu zikuluzikulu koma zochepa. Khoma lodzaza tinthu ting'onoting'ono limatopetsa, makamaka kwa amene ali ndi matenda oiwalaiwala. Pewaninso mapepala onyezimira, chifukwa kuwala kwake kumathobwa m'maso.

Za msinkhu wopachikira, khalani pampando kapena pamkeka pomwe iwo amakhala, muone pamene maso anu akugwera, pamenepo ndiye pachikani. Ife achinyamata timakonda kupachika pafupi ndi denga, ndiye gogo wowawa khosi sangakweze mutu kufika kumeneko.

Manja nawonso muwaganizire. Amene ali ndi nyamakazi kapena amanjenjemera asapatsidwe sizasi. Iwo ang'ambe, akwinye mapepala kukhala timipira, kapena apake guluu ndi chala. Amene anafa mbali imodzi chifukwa cha sitiroko muwakanikizire pepalalo pathebulo ndi mwala kapena seloteipi kuti dzanja limodzi likwanitse. Kudula kuchitike ndi inu dzulo lake. Ntchito isapitirire theka la ola, ndipo ichitike m'mawa atamwa phala, kusanatenthe. Ngati pali gogo amene amaika chilichonse m'kamwa, akhale pafupi ndi wothandiza ndipo asakhale ndi mikanda, mapini kapena tizidutswa tating'ono.

Chimene ndimachidandaula kwambiri ndi kuwasandutsa agogo ana a mkombaphala. Akalulu oseka ndi dzuwa lokhala ndi maso n'zoyenera ana. Awa ndi anthu amene anamanga midzi, ndipo amazindikira msanga akamapeputsidwa, ngakhale sanena. Afunseni kuti mtengo wa pichesi umayamba kuphukira nthambi ziti, kapena kuti chizimalupsa chimagwa liti, ndipo zimene ayankhe muzilembe m'zilembo zazikulu pansi pa chithunzicho pamodzi ndi mfunda wa amene wanena. Wokana asakakamizidwe. Pali ena amene amangokhala chapatali n'kumadzudzula kuti tsambalo lapendekeka, ndipo nawonso atengapo mbali.

Mbewe, kalipentala, Linthipe

Ine ndilankhulepo za khoma ndi zomatira, popeza ndi kumene zinthu zotere zimalephera. Seloteipi sigwira pa laimu. Imagwa patapita masiku ochepa itatenga fumbi loyera, ndipo ikagwira imachotsa laimuyo n'kusiya mabala. Khomani misomali iwiri ya konkire, mumange chingwe cholimba kapena waya, ndipo makatoniwo muziwapachika ndi mapegi oyanikira zovala. Mukatero, kusintha nyengo ikasintha kumangofuna kumasula mapegi. Njira ina ndi kukhoma mkeka watsopano kukhoma n'kumasokerera zinthuzo pamkekapo ndi ulusi.

Guluu wotsika mtengo ndi phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu: supuni imodzi ya ufa pa masupuni anayi kapena asanu a madzi, kutakasa pamoto wochepa mpaka litalimba pang'ono, kenaka lizizire. Ndi labwino kwa agogo chifukwa ngakhale alawe silipweteka. Vuto lake n'lakuti mphemvu, nyerere ndi makoswe nazonso zimalikonda, ndipo ndi chinyezi cha ku Dedza limachita chuku mvula ikangoyamba. Phikani longokwana tsiku limenelo, ndipo zomatazo ziume bwino padzuwa musanazilowetse. Zimene mukufuna kuti zikhalitse muzimate ndi guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono.

Mapepala a crepe, opyapyala ndi okwinyika aja, ndi okongola koma amasuluka akanyowa ndiponso amafwifwa padzuwa, choncho asakhale pansi pa malata odontha kapena moyang'anana ndi zenera. Makatoni pemphani m'magolosale, makalendala akale ali ndi kumbuyo koyera kolimba, ndipo mugule manila ochepa okha a mitundu imene simungaipeze. Utoto wachikasu umatuluka mu chikasu, wofiira mu chidede, ndipo katondo ndi makala agogo aakazi akuzidziwa kuposa ife, popeza akhala akukongoletsa nazo nyumba kuyambira kale. Mbaula ndi kandulo zikhale kutali ndi khoma limenelo.

Pa nkhani ya maluwa akunja ndisiyane pang'ono ndi aphunzitsi. Si zonse zimene agogo amakumbukira zili za kumudzi. Abambo ambiri a m'maboma athu awiriwa, Dedza ndi Ntcheu, anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, mpaka pamene ulendowu unatsekedwa mu 1988, ndipo ena anakulira ku Harare ndi ku Bulawayo. Mizinda imeneyo imachita pepo ndi maluwa a mitengo ya jacaranda mwezi wa Okutobala, monga zimakhaliranso ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mukafuna kuti azibambo, amene nthawi zambiri amati ntchito ya mapepala ndi ya amayi, asendere pafupi, apatseni msewu wa jacaranda, sitima ndi sutikesi. Iwo ayeze katoni, amange nthambi ndi kulunzanitsa chingwe.

Nachisale, Bembeke

Zikomo kwambiri nonse. Tigawa khomalo patatu, nthambi ya pichesi pakati, phiri la mphukira mbali ina, ndipo jacaranda tiwasiyira azibambo, koma tiika pepala lachikasu kumbuyo kwake potsata zimene anena anamwino za mtundu wa pepo. Bambo Mbewe, khoma lathu lina ndi la njerwa zosaotcha zopaka dothi ndi laimu pamwamba. Kodi misomali ingagwire pamenepo?

Mbewe, kalipentala, Linthipe

Msomali wokha umagwedera ndipo umakumba dothi, mayi. Boolani kabowo, mukhomeremo kachipika ka mtengo wouma mpaka kafanane ndi khoma, ndipo msomaliwo ulowe m'kachipikako. Ngati mitengo ya denga ili pafupi, n'kwabwino kungotsitsa zingwe ziwiri kuchokera kumeneko n'kumangirira nsungwi yopingasa, makatoni azilendewera pa nsungwiyo osakhudza khoma, kuti chiswe chisawapeze.