Za ndiwo ya Loweruka kwa Agogo

Azakhali: Mwaswera bwanji nonse. Loweruka kwa Agogo tikhala anthu 20, kuphatikiza ana. Tinagwirizana kuti ndiwo yaikulu ikhale Rahmgulasch, nyama ya ng'ombe ya msuzi wa kirimu ija amaphika ku Germany. Mwana wanga wa ku Stuttgart, tipatse miyeso kuti tigawane zogula lero.

Achemwali (Stuttgart): Ndaswera bwino, Azakhali. Munthu mmodzi ndi magalamu 200, ndiye nyama ikhale makilogalamu 4 yopanda mafupa. Anyezi makilogalamu 2, paprika (ufa wofiira wa tsabola) wosawawa masupuni aakulu 8, tomato paste masupuni 4, adyo timagawo 8, masamba a bay 6, msuzi wa mafupa malita 2, kirimu mamililita 800, ndimu limodzi. Caraway (tinjere tonunkhiritsa chakudya) masupuni aang'ono 2 ngati mungamupeze.

Amayi: Anyezi makilogalamu 2? Sunalakwitse pamenepo?

Achemwali (Stuttgart): Ayi Amayi, ndi momwemo. Anyeziyo amasungunuka yense, ndipo ndi amene amalimbitsa msuzi. Ku Vienna amaika wolemera mofanana ndi nyama.

Amalume: Nyama ndisiyireni ine. Ndikagula shini ndi ya paphewa, yokhala ndi timitsempha. Filet kapena siteki ayi, ndi kutaya ndalama: ikakhalitsa pamoto imauma, pamene timitsempha ta shini timasungunuka n'kuchititsa msuzi kunanda. Ndikawauza asaidule ndi makina, tidula tokha nthuli za masentimita 3 kapena 4. Nditenganso mafupa kilogalamu imodzi. Amenewo muwiritse maola 3 ndi anyezi ndi karoti, musefe, msuzi wathu ndi umenewo.

Mlamu: Kukazinga kukhale kwanga, Amalume. Koma ndipemphe miphika iwiri yokhuthala pansi. Nyama tiipukute iume, mafuta atenthe kwambiri, ndiye tiziponyamo pang'onopang'ono, theka la kilogalamu nthawi imodzi, nthuli zisagundane. Mukathira yonse pamodzi mphika umazizira, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira, imatuwa osapsa kunja. Mbali iliyonse mphindi 3 osaigwedeza, kenako kuika pambali. Zofiirira zomata pansi zija musatsuke, kukoma kuli pamenepo. Zikada bii ndiye zapserera, pamenepo tsukani mphika, apo ayi msuzi wonse uwawa.

Achemwali (Stuttgart): Eya. Mumphika womwewo muike anyezi, moto wapakati, mphindi 20 mpaka afewe ndi kufiirira pang'ono. Kenako adyo ndi tomato paste, mphindi 2. Apa mumvetsetse bwino: phulani mphika musanathire paprika. Ali ndi shuga, amapsa msanga kwambiri, ndipo akapsa amawawa moti palibe chokonzera. Mutakase kanthawi kochepa, muthire msuzi wa mafupa, mukokote pansi, mubwezeremo nyama ndi madzi ake onse. Msuzi ungofika pamwamba pa nyama, osaimiza.

Azakhali: Paprika ndigula watsopano. Wokhalitsa m'kabati amatuwa, fungo limatha. Komanso asasokonezedwe ndi tsabola wa piripiri, kuli ana. Nanga vinyo? Agogo sangalole kuti alowe mumphika mwawo.

Achemwali (Stuttgart): Ambiri kuno amathira vinyo wofiira, koma si lamulo. Viniga masupuni 2 pa mphika uliwonse akwanira, muthire limodzi ndi msuzi wa mafupa.

Amalume: Vuto ndikuliona pa mbaula. Ndiwo imeneyi imafuna maola 2 ndi theka, shini mwina 3, pa moto wochepa kwambiri, thovu lizingotuluka apa ndi apo. Ikabwata mwamphamvu nyama imakhwinyata n'kulimba, msuzi n'kuphwa nthawi isanakwane. Ikangowira koyamba, tichotse theka la makala, otsalawo tiwaze phulusa pamwamba, titseke kakhomo ka mbaula. Makala owonjezera aziyakira pa mbaula ina, tizitenga awiri atatu. Mphindi 20 zilizonse wina avundukule n'kutakasa mpaka pansi, chifukwa anyezi amakonda kumata. Madzi akachepa, owonjezera akhale otentha.

Ine: Tidziwa bwanji kuti yapsa, Amalume?

Amalume: Kanikiza nthuli ndi foloko. Ikagawanika popanda kulimbana nayo, yapsa. Ikakana, ipatse mphindi 30 zina, osawonjezera moto.

Amayi: Kirimu ndi wodula, ana inu. Chambiko sichingalowe m'malo mwake?

Achemwali (Stuttgart): Pepani Amayi, chidzaduka. Chili ndi mafuta ochepa komanso n'chowawasa, chikakumana ndi msuzi wotentha chimasanduka timibulu. Pamafunika kirimu wa mkaka weniweni, mafuta ake 30 peresenti kapena kuposa. Muwerenge pa paketi, chifukwa wina wopakira makeke amakhala ndi shuga ndipo si wa mkaka. Ngati ndalama zavuta, mamililita 600 akwanira.

Mlamu: Ndipo kirimuyo amalowa pomalizira penipeni. Mumutulutse m'firiji ola limodzi nthawi isanakwane. Phulani mphika, tungani zikho ziwiri za msuzi muzisakanize ndi kirimu m'mbale, kenako mubwezere zonse mumphika mukutakasa. Mubwezere pamoto wochepa mphindi 5, isabwate. Msuzi ukaoneka wamadzi, sungunulani fulawa masupuni 3 m'madzi ozizira, muthire kirimu asanalowe, uwire mphindi 10 kuti fungo la ufa lithe. Khungu la ndimu lopala, lachikasu lokhalo, ndi mchere womaliza zibwere kirimu atalowa, chifukwa kirimu amachepetsa mphamvu ya mchere.

Azakhali: Ndiye tiphike Lachisanu madzulo. Ikagona imakoma kuposa, ndipo Loweruka tingotenthetsa.

Achemwali (Stuttgart): Ndi bwino, koma igone yopanda kirimu. Muigawe m'mbale zosazama kuti izizire msanga, ilowe m'firiji maola 2 asanathe. Mphika waukulu ukagona panja wofunda, mkati mumasasa.

Ine: Tidyera chiyani?

Achemwali (Stuttgart): Kuno ku Swabia, dera lomwe kuli Stuttgart, amadyera Spätzle, mtundu wa pasta wa fulawa ndi mazira. Fulawa kilogalamu imodzi, mazira 10, mchere, madzi pafupifupi mamililita 300. Mumenye ndi mthiko mpaka muone thovu, mudikire mphindi 15, kenako mukanikize pa sefa ya mabowo aakulu kuti zigwere m'madzi owira a mchere. Zikayandama zapsa. Muziviike m'madzi ozizira, pogawa muzikazinge pang'ono ndi batala. Muyeso umenewu ndi wa anthu 10.

Amayi: Ena 10 adyera mbatatesi yowiritsa ndi mpunga, zimenezo ndikonza ine. Agogo nsima yawo ikhalapo ndithu.

Azakhali: Amalume anu nyama ndi mafupa, ine paprika, anyezi ndi kirimu. Mazira ndi fulawa atenge ndani?

Ine: Nditenga ine, Azakhali. Mlamu, mubwere ndi mbaula yachiwiri, Lachisanu 2 koloko masana tikhale tayatsa moto wa mafupa.