Foni yakana TV itangolowa apudeti, ndiyiflashe?

Wa ku Taifa: Akuluakulu mwaswera. Ndili ndi foni ya mayi wina wa ku Chiputula, usiku yapanga apudeti yokha kulowa Android 13 ndiye kabokosi ka pa TV kasiya kuiona. Kunyumba kwawo alibe rauta, amayatsa hotispoti pa foniyo kabokosi nkulumikizika ana nkumaonera makatuni pa YouTube. Pano dzina la hotispoti silikuonekanso pa TV. Abwera nazo zonse ndi limoti yomwe, akuti madzulo ana sawapatsa mtendere. Ndikuganiza ndiyiflashe, kutanthauza ndiyibwezere sofutiweya yakale basi, amene ali ndi fayilo anditumizire.

Madala a ku Katoto: Mphwanga chotsa kebuloyo kaye. Mafoni ambiri a pano ali ndi anti-rollback, chitetezo choletsa kubwezera sofutiweya yakale, ukaikakamiza kubwerera m'mbuyo ikhoza kufa osayakanso ndiye udzagula foni ya eni ndi ndalama ya lenti. Komanso ukatsegula bootloader, loko wa sofutiweya ya foni, nthawi zambiri Widevine, chitetezo cha makanema olipira, imatsika kuchoka pa L1 kupita L3, Netflix nkumangotulutsa 480p, pa TV yayikulu nkhope zimachita kuoneka ngati phala.

Sisi wa ku Luwinga: Achimwene foni yanuyo ikuiona hotispotiyo?

Wa ku Taifa: Yanga ikuiona bhobho, yalumikizika kale.

Sisi wa ku Luwinga: Ndiye foniyo ilibe vuto. Lowani mu setingi za hotispoti muone pa band. Mwina yasamukira pa 5 GHz pomwe timabokosi totchipati timamva 2.4 GHz yokha, ndi chifukwa chake dzina silikutuluka n'komwe. Ikani 2.4. Muoneponso pa security, ikakhala WPA3 isintheni ikhale WPA2, WPA3 inabwera 2018 ndipo zida zakale siziidziwa, imeneyo dzina limaoneka koma pasiwedi imangokanidwa ngakhale mulembe bwino kakhumi.

Wa ku Chibavi: Bwanji osangowagulitsa kebulo ya Type-C kupita HDMI nkhani ithe

Madala a ku Katoto: Iwenso ndi makebulo ako. Pamafunika foni yoti doko lake limatulutsa chithunzi, DisplayPort Alt Mode, ndipo mafoni otsika mtengo omwe timagwira tsiku ndi tsikuwa ambiri Type-C yake ndi yochajira ndi kukopera mafayilo basi. Uwagulitsa lero mawa akubwezera, ali ndi mlamu wawo wolusa pambali.

Wa ku Taifa: Eee sisi inalidi pa 5. Ndaika 2.4 kabokosi kalumikizika pompo. Koma kwatsala kamodzi, ka app kamene amaponyera zithunzi za pa foni ku TV sikakupeza kanthu.

Sisi wa ku Luwinga: Pitani ku permissions za app yo muyatse Nearby devices. Kuyambira Android 13 app yofuna kusaka zida za Wi-Fi zapafupi imayenera kupempha chilolezo chimenecho, ndiye makasitomala athu mukuwadziwa, chilichonse chikatulukira pa sikirini amangodina Don't allow poopa kuti chidya bandulo.

Madala a ku Katoto: Muwafotokozerenso mayiwo kusiyana kwa Miracast ndi Cast, njira ziwiri zoponyera zinthu ku TV, asamasokoneze. Miracast imadutsa pa Wi-Fi Direct, foni ndi TV kulumikizana zokha popanda rauta, sifuna intaneti, zomwe zili pa foni ndi zomwe zili pa TV. Google anaichotsa mu Android 6 mu 2015 kuti anthu adzigwiritsa Cast yawo, makampani ena anangoisunga okha monga Smart View ya Samsung. Cast ija foni imangotuma, kanemayo amakoka ndi kabokosi, ndiye bandulo imathabe ngakhale foni ili m'thumba. Chromecast yomwe ija, kachipangizo ka Cast kolumikiza ku TV, Google analeka kupanga mu 2024. Ine zikundionekera kuti ntchito yathu ikusamukira pabalaza, anthu dishi akuisiya foni ndi imene yasanduka dekoda, ndipo poti Samsung ndi Google pa mafoni awo odula akulonjeza maapudeti zaka 7 zoterezi zizibwera chaka ndi chaka. Wodziwa kusintha sikirini ndi doko lochajira lokha adzavutika.

Wa ku Chibavi: Bola magetsi akhalepo madala, apo ayi tonse tibwerera pa wailesi

Wa ku Taifa: Zatheka zonse, makatuni akusewera pa ka TV ka mu shopu muno. Ndiwatchaje zingati poti sindinamasule sikuluu ndi imodzi yomwe?

Sisi wa ku Luwinga: Atchajeni ngati ntchito ya sofutiweya, theka la mtengo woflashira lili bwino. Muwatsitsirenso kuwalite pa YouTube ya pa kabokosi asanapite, ikakhala pa 1080p bandulo yawo sifika Lamlungu ndipo adzati ndinu mwaononga foni.